Kukhala ndi kuyenda mu motorhome ku Scotland: mafunso ndi mayankho

Tsiku limene ndinatumiza zithunzi za galimoto yathu pa gulu la WhatsApp la pachibale, mayi anga anaimba foni usiku womwewo. Moni anangopereka wachidule, kenako funso: "Mwanangu, zinthu zavuta kumeneko? Akutulutsani m'nyumba ya lendi?" Anali ataona bedi ndi mapoto m'galimoto. Ndinawatsimikizira kuti palibe watithamangitsa, koma mpaka lero sindikukhulupirira kuti mtima wawo unakhala pansi. Ine ndi mayi a kunyumba timathera miyezi yambiri ya chaka m'galimoto imeneyi, makamaka kumpoto kwa Scotland, ndipo mausiku ambiri timagona kumalo kopanda magetsi a pa waya, kopanda mpope, kopanda chimbudzi. Mafunso amene achibale ndi anzathu amatifunsa amakhala omwewomwewo, ndiye ndawasonkhanitsa pano.

Motorhome n'chiyani kwenikweni? Si kalavani imeneyo?

Ayi. Kalavani ilibe injini, imachita kukokedwa. Motorhome ndi galimoto ndi nyumba pamodzi: kutsogolo chiwongolero, kumbuyo bedi, sitovu ya gasi, sinki, firiji, kabafa ndi chimbudzi. Zambiri za kuno zimamangidwa pa mavani onyamula katundu monga Fiat Ducato, Peugeot Boxer, Ford Transit kapena Mercedes Sprinter. Zing'onozing'ono, ngati zija za Volkswagen zotukula denga, amazitcha campervan. Yathu ndi ya pa Ducato, yotalika mamita 6, ndipo tinaigula yogwiritsidwapo kale ntchito.

Mukamati off grid mukutanthauza chiyani?

Kugona pamalo poti palibe cholumikiza chilichonse. Kumalo olipira amene anakonzedwa kuti anthu azigonako ndi magalimoto otere, umafika n'kulumikiza chingwe cha magetsi, madzi ali pampope, mabafa ali potero. Off grid ndiye kuti zonsezo wazisiya. Magetsi ndi amene ali m'batire, madzi ndi amene ali m'thanki, ndipo zonyansa zako uchoka nazo wekha. Azungu amakamba za moyo umenewu ngati chinthu chatsopano chofuna maphunziro. Ine ndikamva ndimangomwetulira. Munthu amene anakula akutunga madzi pamjigo, amene amadziwa kuti ndowa imodzi ikwane kusamba, kuphika ndi kutsuka mbale, amene analembapo mayeso atawerengera pa koloboyi, theka la maphunzirowo anamaliza kalekale.

Ndinamva kuti ku Scotland munthu ukhoza kugona paliponse. N'zoona?

Apa ndi pamene ambiri amasocherera, ndipo nanenso ndinasochera. Lamulo la malo la 2003, Land Reform (Scotland) Act, limalola munthu kuyenda m'thengo, m'mapiri ndi m'mbali mwa nyanja, ngakhale kukhoma tenti usiku umodzi kapena uwiri, bola asawononge kanthu. Koma ufulu umenewo ndi wa woyenda pansi, wa njinga yakapalasa, wa pa hatchi kapena wa bwato lopalasa. Galimoto ya injini mulibemo. Choncho ukaimika motorhome pamalo pa munthu popanda kupempha, ulibe lamulo lokuikira kumbuyo. Akakuuza kuti choka, nyamuka.

Chimene chilipo ndi kulolerana basi. M'malo ambiri oimikapo magalimoto m'mbali mwa msewu anthu amakusiya ugone usiku umodzi ngati palibe chikwangwani choletsa, sunatseke njira, ndipo sunayale mipando, tebulo ndi zovala panja ngati wafika pakwanu. Madera ena ali ndi malamulo awoawo. Ku paki ya Loch Lomond ndi Trossachs, kuyambira 2017, m'mbali zina za nyanja umafunika chilolezo cholipira kuchokera pa 1 Malichi mpaka pa 30 Sepitembala. Ku England zinthu n'zothina kuposa apa, ndipo lamulo la 2022 linawonjezera mphamvu za apolisi pa anthu okhala m'galimoto pamalo pa eni popanda chilolezo.

Chaka chathu choyamba tinaima madzulo pa kamalo kafulati pafupi ndi geti ya waya, kumadzulo kwa dzikoli. Kunali zii, nyanja ikuoneka poteropo. Cha m'ma 5 koloko m'mawa tinadzidzimuka ndi kugogoda pa windo. Panja panali bambo wachikulire atavala majombo, galu ali pambali, kumbuyo kwake kuli kathirakitala kali ndi chakudya cha nkhosa. Geti imene tinatsekayo inali yolowera kubusa kwake. Sanakalipe, ndipo zikanakhala bwino akanakalipa. Anangoloza getiyo n'kuima chete, ine ndikuvutika kupeza makiyi ndili ndi kabudula wogonera. Kuyambira tsiku limenelo ndikafika pamalo ndimayamba ndatsika, n'kuyang'ana pansi ngati pali mikwingwirima ya matayala opita kwinakwake.

Nanga malo ogona mumawapeza bwanji?

Pafoni pali mapulogalamu otchedwa Park4Night ndi Search for Sites, momwe anthu amalemba malo amene anagonapo ndi mmene anawaonera. Vuto lake n'lakuti malo akatchuka pamenepo, aliyense amathamangira komweko, eni mudzi n'kutopa, mapeto ake pamabwera chikwangwani kapena chitsulo chopingasa cha mamita awiri choti galimoto yaitali isalowe. Bungwe loyang'anira nkhalango za boma, Forestry and Land Scotland, limalola kugona usiku umodzi m'malo ena ake oimika magalimoto, koma galimoto ikhale ndi chimbudzi chake m'kati. Palinso Brit Stops, momwe eni mafamu ndi malo odyera amakulola kugona pabwalo pawo, iwe n'kugulako kenakake mwaulemu. Midzi ina ya kuzilumba inakonza malo ake, pali kabokosi koponyamo ndalama popanda wolondera. Timaponya nthawi zonse.

Njira imene sinatigwiritsepo mwala ndi ya kwathu ija: kugogoda ndi kupempha. Mlendo amene wayamba wapereka moni amapatsidwa malo abwino kuposa amene akanasankha yekha.

Magetsi mumawatenga kuti?

Galimoto ili ndi mabatire awiri osiyana. Lina ndi lolizira injini, limenelo sitilikhudza. Linalo ndi la m'nyumba, la mavoti 12, ndipo ndi limene limayatsa mababu, firiji, pampu ya madzi, fani ya chotenthetsera ndi kutchaja mafoni. Limadzaza m'njira zitatu: ndi sola ya padenga, ndi injini pamene tikuyenda, kapena ndi chingwe tikapita kumalo olipira.

Masamu ake ndi awa. Batire la 100Ah limasunga mphamvu pafupifupi 1,200Wh. Likakhala la mtovu, lofanana ndi aja timagwiritsa ntchito pa sola kumudzi, usalitsitse kupitirira theka, apo ayi lifa msanga. Ndiye kuti pa 100 paja zako ndi 50. La lithium ukhoza kulikama mpaka kutsala pang'ono, n'lopepuka, limakhalitsa, koma ndi lodula ndipo silifuna kutchajidwa kukazizira kufika pansi pa 0°C. Ife tinayamba ndi la mtovu, kenako tinasintha.

Mdani wa batire ndi chilichonse chotenthetsa. Ketulo ya magetsi ya m'nyumba imakoka mawati 2,000 mpaka 3,000. Ayironi, chowumitsira tsitsi, hotipuleti, zonsezo iwalani. Madzi a tiyi timawiritsa pa gasi. Laputopu ndi mafoni sizidya zambiri. Chimene chimadya mwakachetechete usana ndi usiku ndi firiji.

Sola ndiye imanyenga. Mu Juni, cha ku Inverness kumawala maola pafupifupi 18, moti 10 koloko usiku umatha kuwerenga panja, ndipo batire limadzaza tisanadye nkhomaliro. Mu Disembala kuwala sikufika maola 7, dzuwa limangoyenda m'munsi ngati likuchita manyazi, mitambo ili pamwamba. Panelo yomweyo imene inkatisangalatsa imangokhala chokongoletsa denga. Usiku wina mu Novembala, batire lakale lija linatsika mpaka chotenthetsera chinazima chokha cha m'ma 2 koloko. Tinavala majuzi onse amene tinali nawo, zipewa kumutu, n'kudikira kuche. M'mawa mpweya wathu unali utaundana pa galasi la kutsogolo, m'kati. Mayi a kunyumba anapala ndi khadi la ku banki osandiyankhula.

Madzi amakwana?

Thanki yathu imalowa malita 90, ndipo tikasamala imatifikitsa masiku anayi. Shawa ilipo koma ndi yakuba madzi. Timafunditsa madzi m'poto, kuthira m'beseni, kusamba ndi kapu, monga tinkachitira kwathu. Malita asanu amakwana munthu mmodzi bwinobwino. Mbale timayamba tazipukuta ndi pepala tisanatsuke. Akumwa timasunga m'zigubu ziwiri zapadera chifukwa a m'thanki akakhalitsa amamveka pulasitiki.

Kotunga ndi kumalo olipira aja, ena amakulola kudzaza thanki ndi kutaya zonyansa pa mtengo wochepa ngakhale sugona. Kumadoko ndi kumalo ena omwetsera mafuta kumakhala mipope, koma pemphani kaye. Madzi a m'mitsinje ya m'mapiri amaoneka oyera, koma kumtunda kumakhala nkhosa ndi agwape, ndiye osawiritsa musamwe. Madzi otsukira mbale ndi osamba amapita m'thanki ina ya pansi, ndipo amenewonso satayidwa pamsewu kapena pafupi ndi mtsinje. Akakhala masiku atatu kukutentha, fungo lake limaposa la chimbudzi.

Pepani kufunsa, koma kuchimbudzi mumatani?

Musapepese, funso lenileni ndi limeneli. Anthu amaganiza kuti ulendo umathera pamene mafuta athera. Ayi, umathera pamene chimbudzi chadzadzira. Pansi pa mpando wa chimbudzi pali kathanki kochotseka, ka malita osafika 20, kotulukira pa kachitseko ka panja. Anthu awiri timakadzaza m'masiku atatu. Pali kanyali kamene kamayaka kakatsala pang'ono, ndipo kakayaka mapulani onse amasintha, kaya malo akongole bwanji.

Kukhuthula ndi ntchito yanga, tinagwirizana choncho pachiyambi ndipo palibe apilo. Umakasolola, kolemera ngati chigubu chodzaza, n'kukakoka pa timatayala take mpaka pa dzenje lokonzedwera zimenezi, limene ambiri kuno amalitcha Elsan point. Umatsegula chivundikiro cha kampope, kupendeketsa, n'kudina kabatani kolowetsa mpweya. Kabatani kameneko musakaiwale. Ine ndinakaiwala kamodzi, zinthu zinatuluka mobwebweta n'kundithira nsapato ndi thalauza, mzungu wina amene ankadikira pambuyo panga akuyang'ana kumwamba ngati akuwerenga mbalame. Ukatha umatsukuluza kawiri katatu, kuthiramo mankhwala ndi madzi pang'ono, n'kubwezera.

Mankhwala alipo a buluu ndi obiriwira. Kumidzi ya kumpoto ndi kuzilumba, kumene zimbudzi zimathira m'maenje a septic, amafuna obiriwira chifukwa enawo amapha tizilombo towoletsa zonyansa. Ndipo chimene chaipitsa mbiri ya anthu a ma motorhome kuno si china ayi, ndi aja amakhuthula m'tchire kapena m'ngalande usiku. Mudzi ukaona zimenezo kamodzi, tonse timasanduka adani.

Nsima imaphikika m'menemo?

Imaphikika, ndipo ufa timanyamula m'chidebe chotseka bwino chifukwa cha chinyontho. Ufa woyera umapezeka m'mashopu a zakudya za ku Africa ku Glasgow ndi ku Edinburgh, koma mukapitirira Inverness musayembekezere kuupeza. Sitovu ndi yaing'ono ndipo poto amaterereka povundula, ndiye mmodzi amagwira poto, wina mthiko. Galimoto yonse imagwedezeka. Tsegulani windo ndi kachitseko ka padenga, chifukwa nthunzi ya nsima ikakhala m'kati, usiku imasanduka madontho pa makoma. Usipa ndi utaka timakazingira panja pa kasitovu konyamula. Tinayesa kamodzi m'kati, makatani ananunkha mpaka mwezi.

Za gasi dziwani ichi: alipo a mitundu iwiri. Butane, amene kampani ya Calor imagulitsa m'masilinda a buluu, amasiya kutuluka kukazizira kufika cha pa 0°C. Propane, wa m'masilinda ofiira, amagwirabe ntchito mpaka kuzizira kwa pansi pa -40°C. Woyenda kumpoto atenge wofiira.

Kuzizira mumathana nako bwanji? Mbaula singathandize?

Mbaula m'galimoto ndi imfa, ndipo pano sindikuseka. Makala akamayaka pamalo otsekeka amatulutsa mpweya wa carbon monoxide, wopanda fungo, wopanda mtundu. Umayamba ndi mutu ndi tulo, ndipo munthu sadzukanso. Tonse tinamvapo za mabanja amene anagona ndi mbaula m'nyumba mwezi wa Juni kwathu. M'galimoto malo ndi ochepa kuposa chipinda, ndiye zimachitika msanga. Ngakhale makala owotchera nyama amene akuoneka ngati azima, asalowe m'kati. Kuyatsa sitovu ya gasi kuti muothe, nakonso ayi. Alamu ya mpweya umenewu ndi yotchipa, igulidwe tsiku loyamba, pamodzi ndi ya utsi ndi chozimira moto.

Chotenthetsera chathu ndi cha dizilo. Chimamwa kuchokera m'thanki ya galimoto, utsi wake umatulukira panja, m'kati mumangolowa mpweya wofunda. Usiku wonse chimadya lita imodzi kapena awiri. Zodziwika ndi za Webasto ndi Eberspächer, ndipo ziliponso zotchipa za ku China zimene ambiri amaika. Chilichonse chimene mwasankha, akuikireni munthu wodziwa.

Koma mdani amene amatha galimoto si kuzizira, ndi chinyontho. Anthu awiri akagona, mpweya wawo wokha umanyowetsa mawindo. Tsiku lina tikusintha nsalu tinatukula matiresi, pansi pake pali madontho akuda a chuku, thabwa lili nyowee. Tsopano pansi pa matiresi tinayala ukonde wolowetsa mpweya, m'mawa uliwonse timapukuta mawindo, ndipo kawindo kamodzi kamakhala kotsegula pang'ono ngakhale kunja kukugwa chipale.

Layisensi ya ku Malawi ikugwira ntchito?

Kwa miyezi 12 kuchokera pamene mwayamba kukhala ku Britain, inde. Ikatha muyenera kutenga ya kuno, kulemba mayeso ndi kuyesedwa pamsewu. Amene ali ndi ya ku South Africa kapena ya ku Zimbabwe ali ndi mwayi, amatha kungosinthitsa. Layisensi wamba ya galimoto yaing'ono imakulolani kuyendetsa yolemera mpaka makilogalamu 3,500 itanyamula zonse. Kuposa apo pamafunika ya C1, imene imafika 7,500. Amene anakhoza mayeso kuno chisanafike chaka cha 1997 anaipatsidwa pamodzi, n'chifukwa chake mumaona agogo akuyendetsa zimphona.

Nambala ya 3,500 imeneyi ndi msampha kwa ife okonda kunyamula. Galimoto yokha ikhoza kulemera pafupifupi 3,000. Chotsalacho muchotsepo inu awiri, madzi (lita imodzi ndi kilogalamu imodzi), masilinda a gasi, mabatire, njinga, zakudya. Ife titapita pa sikelo ya magalimoto koyamba tinapezeka tapyola. Mapoto akuluakulu a pa chinkhoswe anatsika tsiku lomwelo, ndi thumba la mpunga la makilogalamu 20. Kupyola muyeso ndi mlandu, mabuleki amavutika, ndipo a inshuwalansi akhoza kukana kulipira pakachitika ngozi.

Ngati galimoto ndi ya dizilo yakale, samalaninso ndi pakati pa mizinda. Glasgow inayamba kulipiritsa chindapusa magalimoto otulutsa utsi wambiri mu 2023, ndipo Edinburgh, Aberdeen ndi Dundee anatsatira mu 2024.

Misewu ya kumeneko ndi yotani?

Tonse timayenda kumanzere ngati kwathu, ndiye pamenepo palibe chachilendo. Chachilendo ndi misewu ya kanjira kamodzi, ya phula koma yokwana galimoto imodzi yokha. Pakapita kamtunda pamakhala potambasuka polembedwa Passing Place. Mukakumana ndi mnzanu, amene ali pafupi ndi malowo amapatuka. Akakhala kumanzere kwanu mumalowamo, akakhala kumanja mumaima moyang'anizana nawo kuti winayo alowemo. Mukadutsana mumakwezerana dzanja, ndipo osakweza amaoneka wamwano. Mukaona magalimoto akuunjikana kumbuyo kwanu, patukani adutse, chifukwa ena mwa iwo ndi anamwino ndi onyamula makalata amene ali pantchito. Pamalo amenewa sipoimika galimoto kuti mujambule zithunzi, ndipo sipogona.

Njira yotchuka ndi North Coast 500, imene anaikhazikitsa mu 2015. Ndi mamailosi 516, kuyambira ku Inverness kuzungulira kumpoto konse n'kubwereranso. Yabweretsa ndalama, yabweretsanso mkwiyo, chifukwa mu Julayi ndi Ogasiti magalimoto amachita kutsatana ngati nyerere m'midzi ya anthu ochepa. Ife timapitako mu Meyi kapena Sepitembala. Panjirayi pali phiri la Bealach na Bà lopita ku Applecross, lokwera mamita 626, la makona opindika ngati chigongono. Amene anakwerapo msewu wa Gorodi kuchokera ku Chitimba kupita ku Livingstonia akudziwa mtundu wake. Pansi pake pali chikwangwani chochenjeza magalimoto akuluakulu, ndipo ife timachimvera n'kuzungulira njira ya m'mbali mwa nyanja.

Kuli udzudzu?

Kuli china choposa udzudzu pa nkhani yosowetsa mtendere, ngakhale sichipatsa malungo. Ndi timidge, tizilombo tating'ono ngati fumbi, timene timabwera mwa chikhamu kuyambira Juni mpaka Ogasiti, makamaka kumadzulo, kukakhala bata ndi chinyezi. Timadutsa pa neti wamba ya udzudzu. Timalowa m'tsitsi, m'makutu, m'kapu ya tiyi. Mankhwala odzola otchedwa Smidge amathandiza, koma chothandiza kwambiri ndi kuimika galimoto pamalo pa mphepo, chifukwa kamphepo pang'ono timalephera kuuluka. M'maudzu ataliatali mulinso nkhupakupa zimene zimafalitsa matenda a Lyme. Madzulo muzidziyang'ana m'miyendo.

Popanda nyumba, makalata amafikira kuti? Nanga ntchito?

Apa ndi pamene maloto a ambiri amagwera. Galimoto iyenera kulembetsedwa pa adiresi, inshuwalansi imafuna adiresi, banki chimodzimodzi. Ambiri amagwiritsa ntchito ya m'bale, koma a inshuwalansi muwauze zoona kuti mumakhala m'galimotomo, chifukwa inshuwalansi ya wongopita kutchuthi ndi yosiyana ndi ya wokhalamo chaka chonse. Kuchipatala n'kosavuta, kulembetsa kwa dokotala wa NHS, amene ndi a zaumoyo a boma, sikudalira kukhala ndi nyumba.

Kwa amene ali pa viza ya ntchito, monga abale athu ambiri osamalira okalamba, ndinganene mosapsatira: musasiye nyumba. Viza yanu yamangika pa bwana mmodzi ndi malo amodzi, ndipo adiresi yanu iyenera kudziwika. Yendani pa masiku opuma. Ogwira ntchito pa intaneti adziwe kuti m'zigwa zambiri za kumpoto netiweki kulibe. Ife tili ndi masimu a makampani awiri osiyana, ndipo pena onse awiri amangoti zii.

Simuopa usiku?

Masiku oyamba ndinkadzuka ndi kaphokoso kalikonse. Kawirikawiri inkakhala nkhosa ikudzikanda pa bampala. Chizolowezi chathu n'chakuti galimoto imayang'ana kotulukira, makiyi amakhala pamalo amodzi, mpando wa dalaivala suunjikidwa katundu. Malo akatikayikitsa, kaya pafika anyamata a phokoso ndi magalimoto awo, sitikambirana, timangochoka. Kukhala anthu akuda kumidzi kumene kulibe akuda kumabweretsa maso, inde, koma kawirikawiri maso amenewo amathera pa funso lakuti mumachokera kuti. Tikati ku Malawi, achikulire ambiri amayamba kusimba za tchalitchi chawo kapena sukulu imene ili pa ubale ndi ina ya kwathu, ena n'kutikumbutsa kuti Blantyre woyamba ali kuno, kumene David Livingstone anabadwira mu 1813.

Pa za mowa: malire a ku Scotland ndi otsika kuposa a ku England, mamiligalamu 50 a mowa pa mamililita 100 a magazi osati 80, kuyambira 2014. Ndipo kukhala woledzera uli ndi makiyi a galimoto pamalo a anthu onse ukhoza kukhala mlandu ngakhale sukuyendetsa. Ngati mwagona m'mbali mwa msewu pamene mungauzidwe kuti musunthe usiku, woyendetsa asamwe.

Ndiye kuti n'zotchipa kuposa lendi?

Zimatengera mmene mukuyendera. Mukakhala malo amodzi masiku angapo, ndalama imatuluka yochepa. Mukamayenda tsiku ndi tsiku, dizilo amadya zonse zimene mwapulumutsa. Onjezerani inshuwalansi, msonkho wa pamsewu, MOT ya chaka ndi chaka (kuyesa galimoto ngati ili yoyenera kuyenda pamsewu), gasi, kuchapa zovala m'mashini olipira, ndi usiku umodzi pa masiku anayi kapena asanu kumalo olipira, kumene nthawi yotentha mtengo umafika mapaundi 30 kapena kuposa. Sitima za CalMac zopita kuzilumba zimalipiritsa potengera kutalika kwa galimoto, ndipo malo muyenera kusungitsiratu. Chimene anthu saganizira n'chakuti galimoto ikalowa m'galaja, nyumba yanunso yalowa m'galaja. Giyabokosi yathu itavuta tinagona kwa anzathu sabata ziwiri. Popanda ndalama yapadera yodikira tsiku lotero, musayambe.

Awiriwiri m'kachipinda kotero, simukangana?

Timakangana. Kusiyana kwake n'kwakuti kulibe chipinda china chokafufumirako. Mvula ikagwa masiku atatu osalekeza, ngakhale kutafuna kwa mnzako kumamveka ngati chipongwe. Mmodzi amavala jekete n'kukayenda, akabwera tiyi ali pamoto.

Kodi ku Malawi zingatheke?

Zimachitika kale. Alendo ochokera ku South Africa ndi ku Ulaya amafika ndi magalimoto awo ogonamo n'kumaima m'malo a m'mbali mwa nyanja ku Chitimba, Kande, Senga Bay ndi Cape Maclear. Sola ndiye ingasangalale, dzuwa lilipo chaka chonse. Zovuta ndi zina: kutentha m'malo mwa kuzizira, udzudzu weniweni wa malungo, malo otayira za m'chimbudzi, ndi misewu ya fumbi imene motorhome yotsika mimba ngati yathu singaithe nthawi ya dzinja. Kumeneko pamafunika ya 4x4 yokwera. Ndipo kwathu kulibe tchire lopanda mwini. Mukafuna kugona pamudzi, mumayamba mwaonekera kwa amfumu.

Ndikufuna kugula yogwiritsidwapo kale ntchito. Ndiyang'ane chiyani?

Musanagule, bwerekani ya hayala kwa sabata imodzi, ndipo musankhe sabata ya mvula, osati ya dzuwa. Mukabwerako mukufunabe, pitani kokaona.

Mukafika, injini muisiye kaye. Lowani m'kati, tsekani chitseko, nunkhizani. Mukamva fungo la m'chipinda chimene chakhala chotseka dzinja lonse, kapena mukaona kuti mwiniwake wapopera perefyumu wambiri, chenjerani. Tsegulani makabati onse a m'mwamba, dinani makoma ndi chala m'makona, kuzungulira mawindo ndi pa kachitseko ka padenga. Pakafewa ngati buledi, madzi analowa kale ndipo matabwa a m'kati awola. Kukonza zimenezo kumatha kudula kuposa injini. Pemphani mapepala osonyeza kuti chaka ndi chaka inkayesedwa chinyontho ndi gasi. Mbiri ya MOT mukhoza kuiona nokha pa intaneti ndi nambala ya galimoto, ndipo imasonyeza ngati anthu oyesa akhala akudandaula za dzimbiri pansi. Matayala muone chaka chimene anapangidwa, cholembedwa m'mbali mwake, chifukwa ma motorhome amakhala nthawi yaitali ataima, matayala n'kung'aluka mapante akadali atsopano. Yatsani firiji, chotenthetsera, pampu ndi mababu onse muli pomwepo. Pomaliza gonani pa bedipo, nonse awiri, nsapato mutavula. Yoyamba imene tinakaona tinaisiya chifukwa mapazi anga ankagunda kabati.